Ndemanga yanga pa ulendo wa ku Central Island, nyanja ya Turkana: nyenyezi zitatu mwa zisanu

Chikanakhala chilumba chokha ndi anthu a kunyanjako, ndikanapereka nyenyezi zonse zisanu mosanyinyirika. Ziwiri zapita chifukwa cha ofesi ya zamaulendo ya kuno ku Lilongwe imene inatigulitsa ulendowu, poti ndondomeko yawo anailemba anthu oti nyanja ya Turkana anangoiona pa foni.

Tinalipira zonse pamodzi: ndege yochokera pa bwalo la Kamuzu kupita ku Nairobi, ina yaing'ono yokatisiya ku Lodwar kumpoto chakumadzulo kwa Kenya, galimoto yopita ku Kalokol m'mbali mwa nyanja, boti, chiphaso cholowera m'paki ndi malo ogona. Mtengo amauwerengera m'madola, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense akudziwa mmene mutu umawawira ukamva mawu oti dola. Apa ndiwayamikire: anatilola kulipira m'makwacha, pang'onopang'ono, ndipo malisiti onse anatipatsa. Amayi a pa desiki ankayankha WhatsApp ngakhale madzulo, komanso ndiwo anatikumbutsa za khadi la katemera wa yellow fever nthawi ikadalipo.

Vuto linali pa tsiku la boti. Pepala lawo linati tinyamuka m'mawa, tiyendera chilumba, tibwerera ku Lodwar n'kukwera ndege madzulo a tsiku lomwelo. Ndili mu ofesi ndinafunsa ngati nthawiyo ingakwane. Yankho linali lakuti, "Bambo, musadandaule, nyanja ndi nyanja. Si munakwerapo Ilala inu?" Ndinakwerapo ndithu, koma Turkana ali ndi khalidwe lake. Kumeneko mphepo ndi yamphamvu moti kum'mawa kwa nyanjayi, chakufupi ndi Loiyangalani, anazika makina 365 opanga magetsi kuchokera ku mphepo, otulutsa mamegawati 310. Malo oti anthu anaika chuma chotere podalira mphepo si malo olembera nthawi ya boti uli pa mpando ku Old Town.

M'mawawo mafunde anali oyera mitu, ndipo woyendetsa boti anakaniratu. Sanachite ukali, anangoloza nyanja n'kukhala pansi pa mthunzi wa mgwalangwa. Tinanyamuka dzuwa litakwera kale, ndege ija inatisiya, ndipo zosinthira matikiti ndi chipinda cha usiku wowonjezera zinatuluka m'thumba mwathu. Bambo woyendetsa botiwa sindikuwaimba mlandu ngakhale pang'ono. Anaonetsetsa kuti aliyense wavala jekete yoyandamitsa n'kumanga zingwe zake, anaika mafuta apadera m'boti, anatikhazika molingana kulemera kwathu, ndipo mafunde ankawadula chammbali m'malo mowagunda chamaso. Tinanyowa tonse, mayi wina wa m'gulu lathu anapemphera njira yonse, koma panalibe mphindi imene ndinaona kuti boti lasowa mwini.

Tsono chilumbacho. Chimayamba kuoneka ngati chotupa chakuda pakati pa madzi obiriwira, ndipo ukamayandikira m'pamene umazindikira kuti ndi mapiri ophulika angapo olumikizana, otumphuka pansi pa nyanja. Kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 5 basi, koma m'kati mwake muli tinyanja titatu todzaza m'maenje amene moto unkatulukira: Crocodile Lake, Flamingo Lake ndi Tilapia Lake. Gombe lake ndi la mchenga wakuda, phulusa ndi chiphalaphala chouma. Masana mchengawo umawotcha zoti wovala pata-pata amavina asakufuna. Mnzanga amene anabwera ndi nsapato zopyapyala anatsala m'munsi, ife tikukwera.

Kukwerako si kwakutali koma n'kotopetsa, chifukwa timiyala timagumuka pansi pa phazi ndipo mthunzi kulibe, kungokhala tizitsamba taminga ndi udzu wouma. Ukafika pamlomo pa dzenje umaona zinthu ziwiri nthawi imodzi: kumbuyo nyanja yaikulu yosaoneka malire, kutsogolo pansi penipeni kanyanja kozungulira, kobiriwira kwambiri, m'mbali mwake muli mbalame za flamingo zikuyenda mitu ili m'madzi. Phokoso lawo limakwera m'makoma a dzenjelo n'kukufika ngati zili pafupi. Pena mphepo imabweretsa fungo la sulufule, la mazira owola, chizindikiro choti pansipo sipanazizire. Kalikonse mwa tinyanjati kali ndi mtundu wakewake wa madzi, ndipo n'totalikirana kamtunda koyenda wapansi.

Mlonda wa Kenya Wildlife Service (bungwe loyang'anira nyama zakuthengo ku Kenya) amene anatiperekeza, mfuti ili paphewa, ndiye anali mphunzitsi weniweni wa ulendowu. Anationetsa mikwasa ya ng'ona pa mchenga, pomwe mchira unakwekwereza, natiuza kuti chilumbachi ndi malo aakulu oswanirana ng'ona, ndipo tiana timaswa cha mu April ndi May. Anatiletsa kuyandikira madzi ndi mawu amodzi okha, ndipo palibe anafunsa kawiri. Ng'ona tinaziona zili phee m'mphepete mwa kanyanja kawo, zina kukamwa kuli yasa. Pa nkhani ya mlonda, ndalama yathu inagwira ntchito.

Cholakwika chachiwiri cha ofesi ija ndi madzi akumwa. M'boti anatiikira timabotolo toti mwana wa sukulu angamalize asanafike pa geti, kudera kumene kutentha kumafika madigiri 35 kapena kuposa pafupifupi chaka chonse. Ndipo musaganize zotunga m'nyanja. Nyanja yathu ya Malawi madzi ake amatuluka kudzera mu Shire, n'chifukwa chake ndi abwino. Turkana alibe mtsinje wotulutsa madzi; amalowa, makamaka kuchokera mu mtsinje wa Omo wa ku Ethiopia umene umabweretsa pafupifupi 90 peresenti, kenako dzuwa limawamwa n'kusiya mchere. Ukawagwira amaterera m'zala ngati chidulo cha therere. Woyendetsa boti uja ndiye anatigawira a m'chigubu chake.

Nkhani ya Omo imawadetsa nkhawa anthu akumeneko. Bungwe la UNESCO linaika chilumbachi, pamodzi ndi paki ya Sibiloi, pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1997, koma mu 2018 linati malowa ali pa chiopsezo, makamaka chifukwa cha damu la Gibe III la pa mtsinje wa Omo ndi ulimi wothirira ku Ethiopia. Kabuku ka ofesi yathu sikanatchule zimenezi. Kanalembabe kuti nyanjayi "imadziwikanso kuti Lake Rudolf", dzina loperekedwa ndi Teleki, mzungu wofufuza malo wa ku Hungary, mu 1888 limene Kenya inalichotsa kalekale m'zaka za m'ma 1970.

Malo ogona anali apakatikati: ukonde wa udzudzu wabwino, bedi loyera, madzi osamba ofunda okha ndi dzuwa. Chakudya ndiye ayi, ndinadya. Nsomba yokazinga yongovuulidwa kumene, ndi ugali wawo wolimba kuposa nsima yathu. Ku Kalokol mupemphe dalaivala akudutsitseni pa fakitale ya nsomba imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la Norway cha m'ma 1980, yomwe sinagwire ntchito nthawi yaitali chifukwa mafiriji m'chipululu amafuna magetsi ndi madzi ambiri. Asodzi akupitirizabe kuyanika nsomba zawo zothira mchere padzuwa.

Kwa amene mukufuna kupita, ndingati pitani, koma ana aang'ono ndi agogo a mawondo ovuta asiyeni. Musanalipire, uzani a ofesi akulembereni papepala kuti pali tsiku lapadera pakati pa boti ndi ndege yobwerera, kuti majekete alipo okwanira aliyense, ndiponso kuti madzi akumwa ndi malita angati pa munthu. Nsapato zikhale zotseka, zokhuthala pansi, chipewa chikhale cha chingwe, foni ilowe m'jumbo, ndipo m'thumba mukhale mashilingi a Kenya othokozera woyendetsa boti ndi mlonda.

Nditabwerera ndinapita ku ofesi kuja ndi malisiti a matikiti osinthidwa. Anandilandira mwaulemu, anapepesa, nati akambirana ndi abwana awo. Akandibwezera ndalamayo ndidzabwera pano kudzawonjezera nyenyezi imodzi.