Hubbly yanga patatha miyezi isanu ndi itatu kuno ku Joni

Ndinaigula mu Febuluwale pa kashopu kena ku Fordsburg, kufupi ndi Oriental Plaza. Kuno amati hubbly kapena oka pipe, Aluya amati shisha, koma ndi kaliwo wamadzi basi: botolo lagalasi pansi, chitsulo pakati, kambale kadothi koikamo fodya pamwamba, makala amoto pamwamba pa fodyayo, ndi payipi yokokera.

Botolo ndi chitsulo zikadali bwinobwino. Payipi ndiyo inafooka msanga. Inali ndi waya mkati, ndipo pofika Meyi tizidutswa ta dzimbiri tinayamba kundifika m'kamwa. Ndinagula ya silikoni, yotsukika ndi madzi. Makala oyaka ndi machesi aja ndinawasiya chifukwa amanunkha mankhwala. A kokonati amachedwa kukolera pa sitovu koma amakhalitsa.

Chomwe ndalembera ndi cha mu Julayi. Odziwa chisanu cha Johannesburg akudziwa mmene chimalowera m'mafupa. Tinali atatu m'chipinda changa ku Mayfair, zenera lotseka, chinsanza chili kunsi kwa chitseko. Titasintha makala kachiwiri, mlamu wanga anaimirira, nadzandira mpaka kugwira khoma. "Alamu, mutu ukundizungulira," anatero, milomo ili gwa. Tinatsegula zonse n'kumutulutsa panja. Unali mpweya wa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba. Suoneka, sununkha.

Ndinkakhulupirira kuti madzi amatsuka utsi. Ayi ndithu, amauziziritsa koma poizoni wambiri amadutsabe. Madziwo ndikamawataya amakhala achikasu, ndipo kabulashi kamatuluka m'chitsulo kali bii, konata ndi phula. Ine ndinakulira ku Kasungu, ndathyolapo fodya wa bale mpaka manja kuda, fodya ndimamudziwa. Koma wa hubbly amamunyika m'manyuchi ndi glycerine, n'kuthiramo fungo la apulo kapena minti. Sakanda pakhosi, ndiye umangokoka osazindikira kuti ola latha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linachenjeza mu 2005 kuti pa nthawi imodzi yosuta chonchi munthu atha kukoka utsi wochuluka ngati wa ndudu 100 kapena kuposa. Masitepe akuntchito anayamba kundiuza zomwezo.

Pano ndimaiyatsa Lamlungu lokha, pakhonde, aliyense ndi kapulasitiki kake kapakamwa, ana a aneba ali kutali. Mlamu wanga sanaigwirenso. Amabwera, amakhala chakumphepo, amamwa tiyi wake.