Miyezi isanu ndi itatu ndikugwiritsa ntchito K0 procedure pa nthaka ya magawomagawo

Papita miyezi isanu ndi itatu chiyambire kuwerengera mphamvu zopanikiza za m'nthaka pa PLAXIS 2D, pulogalamu yomwe inabadwira ku yunivesite ya Delft ku Netherlands mu 1987 ndipo kuyambira 2018 ili m'manja mwa kampani ya Bentley Systems. Pano ndikufuna kunena za gawo limodzi lokha, loyambirira, pomwe timauza kompyuta mmene nthaka yapanikizidwira tisanakumbe kapena kumanga chilichonse. Poyamba ndinkalidutsa mothamanga ngati mwambo chabe, koma tsopano ndi pomwe ndimathera nthawi yambiri.

Ntchito yomwe inandiphunzitsa inali ya chipupa chotchinga dothi m'mbali mwa dzenje la maziko, pa malo oyandikana ndi dambo. Pamwamba panali dongo lokhuthala mamita 3, pansi pake mchenga, ndipo madzi ankapezeka pa mamita 2. Ndinasankha K0 procedure, njira imene imawerengera kulemera kwa nthaka yonse yomwe ili pamwamba pa malo ena ake, kuchotsapo mphamvu ya madzi, kenako kuchulukitsa chotsalacho ndi nambala ya K0 kuti ipeze mphamvu yokankhira cham'mbali. Ubwino wake waukulu, womwe sunasinthe miyezi yonseyi, ndi woti munthu angathe kuitsimikiza ndi pensulo. Pa kuya kwa mamita 5, dongo lolemera 18 kN/m³ ndi mchenga wolemera 20 kN/m³ zimapereka mphamvu yopanikiza ya 94 kPa. Madzi amatengapo pafupifupi 29, ndipo zotsala pafupifupi 65 zikachulukitsidwa ndi K0 ya 0.5 zimapereka 32 kPa cham'mbali. Kompyuta inandipatsa zomwezo.

Chomwe chinandidabwitsa sabata yoyamba ndi kudumpha kwa mzere wa mphamvu ya m'mbali pa malire a dongo ndi mchenga. Ndinataya masiku awiri ndikufunafuna cholakwika chomwe kunalibe, pakuti gawo lililonse la nthaka lili ndi K0 yake, ndipo magawo akagona mopingasa mphamvu yochokera pamwamba ndi yokhayo yoyenera kupitirira mosadukiza.

Cholakwika chenicheni chinali kwina, ndipo chinali changa. Ndinasiya pulogalamu kuti ipeze K0 ya dongo pogwiritsa ntchito lamulo la Jaky la mu 1944, loti K0 ndi 1 kuchotsapo sin φ (φ ndi ngodya yosonyeza mmene timibulu ta dothi timakanirana kutererekerana), osalabadira kuti lamuloli limanena za dothi lomwe silinasenzepo katundu woposa amene lasenza lero. Dongo la pamwamba m'dambo silili choncho ayi. Chilimwe chilichonse limauma, kung'aluka ndi kukhwima, ndipo zotsatira za ku labotale zinasonyeza OCR yapafupifupi 4 m'gawo la pamwambali, kutanthauza kuti mphamvu yaikulu yomwe dongoli linapanikizidwapo nayo kale ndi kuwirikiza kanayi ya lero. Akatswiri ofufuza Mayne ndi Kulhawy anasonyeza mu 1982 kuti K0 imakwera pamodzi ndi OCR, kotero kuti dothi la φ ya madigiri 30 ndi OCR ya 4 limafika pa K0 ya 1.0, kuwirikiza kawiri zomwe Jaky angapereke. Nditakonza nambalayi, mphamvu yopinda chipupa inakwera ndithu, ndipo zitsulo zolimbitsira chipupa zomwe ndinali nditalemba kale zinaoneka zochepa. Mwamwayi chojambula cha chipupacho chinali chisanachoke pa desiki panga.

Kuyambira pamenepo, pa dongo lokhwima chifukwa cha kuuma kapena kukokoloka kwa nthaka ya pamwamba ndimakonda POP (kusiyana kwa mphamvu yaikulu yomwe dothi linasenzapo kale ndi yomwe lasenza lero) kuposa OCR imodzi ya gawo lonse, chifukwa POP imawonjezera mphamvu yofanana pa kuya kulikonse, motero OCR imakhala yaikulu pamwamba n'kumachepa popita pansi, monga zimakhalira m'nthaka yeniyeni.

M'mwezi wachisanu tinapatsidwa malo otsetsereka, pomwe magawo anapendekeka kutsata phiri. Apa K0 procedure imafika pa malire ake, ndipo buku la pulogalamuyi silibisa: njirayi ndi ya pomwe nthaka ya pamwamba, magawo ndi mulingo wa madzi zonse zagona mopingasa. Ndinayesa kuikakamiza powonjezera plastic nil-step, gawo lopanda katundu loti mphamvu zikhazikike, koma nthaka inasuntha kwambiri moti sindinakhulupirire zotsatirazo. Ndinasamukira ku gravity loading, momwe kulemera kwa nthaka kumaikidwa pang'onopang'ono mpaka zonse zitakhazikika. Njirayi nayo ili ndi msampha wake, chifukwa pa Mohr-Coulomb, imodzi mwa njira zomwe pulogalamuyi imatsanzirira khalidwe la dothi, mphamvu ya m'mbali imatsata Poisson's ratio (ν), nambala yosonyeza mmene dothi limafutukira cham'mbali likapanikizidwa: K0 imakhala ν kugawa ndi (1 kuchotsapo ν), ndipo popeza ν siifika 0.5, K0 yoposa 1 simungaipeze mwa njira imeneyi. Pa dongo lokhwima ndinayenera kutsanzira mbiri yake, kuika katundu pamwamba kenako kumuchotsa, ndi kukumbukira kubweza kusuntha konse pa ziro ndisanayambe kukumba. Kamodzi ndinaiwala, ndipo lipoti langa linanena kuti nthaka yatitimira ntchito isanayambe n'komwe.

Masiku ano ndisanadutse gawo loyambali ndimadula mzere woimirira pakati pa chithunzi, kusindikiza mphamvu zake ndi kuziyerekeza ndi za pensulo pa malire a gawo lililonse la nthaka. Pa malo athyathyathya ndidakali pa K0 procedure, ndipo ndilibe chifukwa choisiyira.