Kabokosi koyezera kutentha: kamagwira bwino, koma masiku awiri oyamba kanandisowetsa mtendere

Papita miyezi isanu chigulireni kabokosi aka, ndipo ndaona kuti nthawi yakwana yoti ndinenepo zomwe ndakumana nazo. Ndi kakang'ono, kokwana m'dzanja, ndipo ntchito yake ndi kuyeza kutentha ndi chinyezi m'chipinda chomwe timasungiramo makompyuta. Mkati mwake muli Linux ya mtundu wa Debian ndi web server yaing'ono (pulogalamu yopereka tsamba ku browser), moti sufunika kuika pulogalamu ina iliyonse. Umangotsegula browser, kulemba dzina la kabokosiko, manambala n'kuoneka. Chimene chinandikopa ndi chimenecho, ndipo pamapeto pake ndi mmenedi kamagwirira. Koma kufika pamenepo sikunali kophweka.

Tsiku loyamba ndinalumikiza waya wa netiweki, nyali yobiriwira inayaka, router inakapatsa adiresi. Ndinalowa ndi SSH (njira yolamulira makina kudzera pa netiweki) n'kukapatsa dzina loti chipinda2, monga mmene kabuku kake kanenera, n'kukazimitsa ndi kukayatsanso. Pa laputopu browser inangoti "Connection refused". Ndikachita ping, lamulo loyesa ngati makina akufikika pa netiweki, kankayankha bwinobwino. Chomwe chinandizunguza mutu kwambiri n'chakuti ndikalowa mkati mwa kabokosiko n'kulemba curl http://chipinda2:8080 (lamulo lopempha tsamba popanda browser), tsamba lonse linkabwera, manambala ali pompo. Mkati zinthu zikuyenda, kunja chitseko chotseka.

Ndinataya madzulo onse ndikukayikira waya, router ndi firewall, mlonda amene amasankha zolowa ndi zotuluka pa netiweki. Ndikanaganiza mofatsa, uthengawo unali utandiuza kale kanthu. Firewall ikamataya mapaketi mwakachetechete, browser imadikira mpaka kutopa. Pamene "refused" imabwera nthawi yomweyo, ndipo kawirikawiri imatanthauza kuti makinawo ayankha okha kuti pa port imeneyo, nambala 8080 ija yomwe server imayenera kulandirirapo, palibe amene akumvetsera.

Mawa lake ndinalemba ss -tlnp, lamulo loonetsa adiresi ndi port zomwe mapulogalamu akumvetserapo, ndipo mzere umodzi unaulula zonse: 127.0.1.1:8080. Server inali kumvetseradi, koma pa adiresi yomwe palibe makina ena angaifikire. Adiresi iliyonse yoyamba ndi 127 ndi ya loopback, kutanthauza kuti makina akudziyankhula okha. Nanga inaitenga kuti? Mu fayilo ya zosankha za server, opanga kabokosiko anaika dzina la makina pamalo poika adiresi. Ikamayamba, server imafunsa kuti dzina limeneli ndi la adiresi iti, ndipo yankho loyamba limachokera mu /etc/hosts, fayilo yolumikiza mayina ndi maadiresi. Nditatsegula fayiloyo ndinapeza mzere woti 127.0.1.1 chipinda2. Mzere woterewu si cholakwika. Debian imauika dala kuti mapulogalamu azipeza adiresi ya dzina la makina ngakhale netiweki palibe. Cholakwika ndi kumangirira server pa yankho limenelo. Nditalemba getent hosts chipinda2, lamulo lofunsa adiresi ya dzinalo, inandibwezera 127.0.1.1 yomweyo, ndipo apa ndinadziwa kuti ndagwira pomwe panali vuto.

Njira yoyamba yomwe ndinayesa inali kulemba adiresi yeniyeni, 192.168.1.40, mu fayilo ya zosankha za server ija. Zinatheka, ndipo ndinasangalala. Patapita masiku atatu magetsi anazima pang'ono, kabokosi kanayambiranso, tsamba osabweranso. Mu log, momwe server imalembamo zochitika zake, munali mawu oti "Cannot assign requested address". Server inali itadzuka msanga, DHCP (njira yomwe router imagawira maadiresi) isanapereke adiresi, ndiye inayesa kugwira adiresi yomwe makinawo anali asanakhale nayo, inalephera, n'kufa osayesanso. Apa mpamene ndinakhumudwa kwenikweni, chifukwa chipangizo choyang'anira kutentha chimafunika kwambiri nthawi ngati imeneyo, magetsi atangobwera, mafani ndi zoziziritsa zisanakhazikike.

Chomwe chinathetsa vutoli ndi kulemba 0.0.0.0, kutanthauza kuti server izimvetsera pa makomo onse a IPv4 (maadiresi ooneka ngati 192.168.1.40) omwe makinawo ali nawo, ngakhale amene angabwere pambuyo. Kuyambira tsiku limenelo sikanagwenso. Koma ndikuchenjezeni anzanga: "makomo onse" ndi onsedi. Kabokosika kali ndi Wi-Fi, ndipo mukaisiya yoyatsa tsambalo lizionekanso kumeneko. Ine ndinaizimitsa, n'kusintha password yomwe kanabwera nayo. Dziwaninso kuti 0.0.0.0 sikhudza IPv6, mtundu watsopano wa maadiresi. Ofuna zonse ziwiri alembe :: ndipo ayese okha kuti aone ngati zikuyankha.

Nkhani ya dzina inabweranso mwa mtundu wina. Kabukuko kamati mukhoza kulemba chipinda2.local pa chipangizo chilichonse. Pa laputopu zinkatheka, pa foni ayi. Mayina a .local sadutsa pa DNS wamba, njira yosandutsa mayina kukhala maadiresi. Amayenda ndi mDNS, pomwe chipangizo chimafuula funso kwa onse pa 224.0.0.251, port 5353 ya UDP, ndipo mwini dzina amayankha yekha. Kufuula kumeneku sikuwoloka kupita ku netiweki ina, ndipo foni yanga inali pa Wi-Fi ya alendo. Apa kabokosi sindikukaimba mlandu, ngakhale chiganizo chimodzi m'kabukumo chikanathandiza. Ndinauza router kuti izisungira MAC ya kabokosiko (nambala yake yokadziwira pa netiweki) adiresi imodzimodzi nthawi zonse, n'kuika dzinalo mu DNS ya router yomweyo.

Othandiza makasitomala anandiyankha mwaulemu, koma yankho loyamba linali loti ndibwezeretse kabokosi mmene kanachokera ku fakitale, zomwe zikanangondibwezera pa vuto lomwelo. Nditawatumizira mzere wa ss uja, munthu wachiwiri anamvetsa msanga ndipo anavomera kuti zosankhazo sizinaikidwe bwino. Kuvomera kumeneko ndinakuyamikira.

Pa ntchito yake yeniyeni ndilibe dandaulo. Ndinakaika pambali pa choyezera china chomwe ndimachidalira, ndipo manambala ankagwirizana. Tsamba lake ndi lopepuka, limatseguka msanga ngakhale pa foni yakale, ndipo mzere woonetsa kutentha kwa sabata yonse unandithandiza kuona kuti chipindacho chimatentha kwambiri Loweruka masana, chitseko chikakhala chotseka tsiku lonse. Chimene ndimakondanso n'chakuti opanga sanatseke SSH. Akanatseka, sindikanaona mzere wa 127.0.1.1 uja, ndipo kabokosi kakanabwerera komwe kanachokera ngati kakufa pomwe vuto linali la zosankha chabe.

Ndikukapatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Imodzi ndaichotsa chifukwa cha zosankha zomwe kamabwera nazo komanso kabuku komwe sikatchula n'komwe za adiresi yomwe server imamvetserapo. Pempho langa kwa opanga ndi laling'ono: server ikamayamba izilemba mu log adiresi ndi port yomwe yagwira, ndipo ikalephera kugwira izidikira masekondi angapo n'kuyesanso, m'malo mongofa.