Chitetezo mbaula kapena mbaula yomanga ndi njerwa: ntchito iti ikuchepetsadi nkhuni m'mudzi?

Boma la Malawi lidadziikira cholinga choti pofika 2020 mbaula zosawononga nkhuni zikwane 2 miliyoni. Komiti ya mudzi ikamasankha bungwe logwira nalo ntchito, isamangomvera chiwerengero cha mbaula zogawidwa. Ifunse kuti pakatha miyezi isanu ndi umodzi, ndi makomo angati omwe asiyadi mafuwa.

Ntchito ya Chitetezo mbaula, mbaula ya dongo lootcha, imadalira magulu oumba, ambiri mwa iwo amayi, omwe amagulitsa mbaulazo. Ubwino wake ndi woti munthu akagula ndi ndalama yake amaisamala, ndipo ikasweka amadziwa kokagula ina. Imanyamulika: dzuwa likawala mumaphikira panja, mvula ikabwera mumalowa nayo m'khichini. Koma zonse zagona pa kaumbidwe. Dongo lamchenga wambiri, kuumitsa padzuwa m'malo mwa pamthunzi, kapena kuotcha mu uvuni isanaume bwino, zimachititsa kuti ing'aluke msanga. Pogula, igogodeni ndi chala. Yopsa bwino imalira ngati mphika wabwino, yosapsa imangoti phuphu. Vuto lina ndi loti imalandira poto mmodzi. Banja lalikulu likafuna ndiwo ndi nsima nthawi imodzi, kapena likamaphika thobwa, limasonkhanso moto pa mafuwa, nkhuni n'kumatha ngati kale.

Mbaula yomanga, monga Changu Changu Moto yomwe bungwe la Ripple Africa limalimbikitsa ku Nkhata Bay, ndi ya njerwa ndi matope, ndipo ili ndi malo a mapoto awiri. Ndalama siifunika kwenikweni, ndipo timitengo touma, zitsononkho ndi mitengo ya nandolo zimayaka bwino. Mbaula iyi imafuna khichini yofolera, chifukwa mvula imaisungunula, komanso imafunika kuizira ikayamba ming'alu. Womanga akasiya mpata waukulu pakati pa moto ndi poto, kutentha kumathawa. Akaupanikiza, utsi umabwerera kwa wophika. Choncho ntchito yotere imayenda pokhapokha pali anthu a m'mudzi momwemo oyendera makomo pafupipafupi. Bungwe lomanga n'kuchoka musalikhulupirire.

   

Poyeza mbaula, pezani sikelo yolendewera. Sankhani makomo angapo, aakulu ndi aang'ono omwe, osati a mamembala a komiti okhaokha. Yezani mtolo m'mawa, mudzayezenso zotsala m'mawa wotsatira, kwa masiku 3 mbaula isanabwere, kenako masiku 3 banja litaizolowera. Lembani omwe adya patsikulo, ndipo musayerekeze June wozizira, pomwe anthu amaotha moto, ndi October. Mukafika pakhomo gwirani mafuwa: ngati ndi ofunda, akugwirabe ntchito.

Kwa okhala m'nyumba za lendi ndi mabanja aang'ono, Chitetezo ndiyo yoyenera. Kwa banja lalikulu lokhazikika lomwe lili ndi khichini yosadontha, sankhani yomanga, koma muyambe mwagwirizana za yemwe aziyendera ndi kukonza.