Portrait yako ukaionetse kuti: pa gulu la WhatsApp, kosi ya madola, kapena kwa wojambula mnzako?

Ambiri mwakhala mukundifunsa ku inbox kuti ma portrait anga, zithunzi za nkhope za anthu zomwe ndimapenta, ndimaonetsa ndani kuti andiuze polakwika, ndiye ndati ndingoyankha kamodzi. Njira zomwe ndadutsamo ndi zitatu: magulu a pa Facebook ndi WhatsApp, makosi olipira a pa intaneti aja amalonjeza critique (kuona ntchito yako n'kukuuza polakwika), ndi kunyamula chithunzicho kupita nacho kwa wojambula mnzako maso ndi maso.

Magulu aja ndi aulere kupatula bandulo, ndipo yankho silichedwa. Koma yankho lake ndi "talente", "moto bwana", "Mulungu apitilize kukudalitsani", kenako timitima mbwee. Tsiku lomwe wafooka zimakudzutsa, sindikana. Koma palibe amene angakuuze kuti diso lakumanzere lakwera kuposa linzake, kapena kuti maso wawaika m'mwamba kwambiri pomwe amayenera kukhala chapakati pa mutu. Timaopa kukhumudwitsana, makamaka gulu likakhala la anthu odziwana, munthu amaona cholakwika n'kungoika like basi. Ku Reddit kuli malo ngati r/ArtCrit komwe anthu sakudziwa ndiye sakunyengelera, ena amachita kujambula mizere yofiira pamwamba pa chithunzi chako kukuonetsa pomwe chibwano chapotoka. Pa kayezedwe ka nkhope amathandiza ndithu, koma zomwe akuona ndi chithunzi cha pa foni, ndipo foni imasintha mitundu, imawalitsa malo omwe iwe unadetsa dala.

Tsopano makosi olipira, apa ndi pomwe mtima umandiwawa mpaka lero. Ina yomwe ndinalowa inalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti aphunzitsi aziona ntchito yako. Nditalipira ndi pomwe ndinapeza kuti ndalama ija inali ya mavidiyo okha, kuti mphunzitsi aone chithunzi chako pamafunika kukwera pa package ina yodula, ndipo imeneyonso umakhala pa mzere kudikira sabata yomwe angakusankhe. Pamwamba pa apo khadi amangodula okha mwezi ndi mwezi osakufunsa, m'madola, ndiye kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023 ndalama yomwe inatuluka mu akaunti inali ina ndithu, kuphatikizapo ya banki. Kuti usiye ndi ntchito inanso, batani lake analibisa mkati mwenimweni mwa ma settings, ukawalembera akuyankha ndi uthenga womwewomwewo.

Ndalama ndikanaiwala zikanakhala kuti critique yake inali ya nzeru. Ndinatumiza nkhope ya agogo anga, khungu lakuda bwinobwino, atakhala pakhonde. Mphunzitsi anati mithunzi yada kwambiri, ndionjezere white pa masaya ndi pamphumi. Aliyense amene wapentapo munthu wakuda akudziwa zomwe white amachita pa burnt umber, penti wa bulauni woderapo uja: nkhope imatuwa ngati munthu wasamba osadzola. Maphunziro awo onse anali pa khungu loyera, amakonda kwambiri palette ya Anders Zorn, wa ku Sweden uja, ya mitundu inayi, yellow ochre, wofiira, ivory black ndi white. Ndi palette yabwino, koma mmene ankaiphunzitsira ndi mmene khungu lathu limalandilira kuwala ndi zinthu ziwiri. Khungu lakuda limanyezimira, limatenga mtundu wa zomwe zalizungulira, pamphumi pamagwa kabuluu ka kumwamba, pansi pa chibwano pamabwera kufiira kwa dothi kapena mtundu wa chitenje chomwe munthu wavala. Zimenezi sanatchuleko olo kamodzi. Za chigaza, mafupa a m'masaya ndi mmene mutu umatembenukira amaphunzitsa bwino, pamenepo ndiwapatse ulemu wawo, koma zomwezo zili pa YouTube zaulere.

Chithunzi chomwecho ndinapita nacho kwa mkulu wina amene wakhala akupenta nkhope za anthu zaka zambiri. Sanayambe n'kuyankhula. Anachiimika pakhoma, n'kubwerera m'mbuyo, n'kutsinzina pang'ono kuti aone pakuda ndi powala pokha, kenako anatenga galasi n'kundiuza kuti ndichione m'menemo. M'galasi muja mphuno yopendekeka imaonekeratu, chifukwa diso lako linazolowera chithunzicho mbali imodzi. Atatero anasakaniza burnt sienna (bulauni wofiirira) ndi ultramarine (buluu) pang'ono pa kabolodi kake, n'kuika kadontho pambali pa tsaya osakhudza ntchito yanga, akuti "mwana wanga, agogo akowa ali ndi magazi, usawaphe ndi choko". Zomwe munthu ngati ameneyu amaona foni siingaonetse: kukhuthala kwa penti, pomwe bulashi inakanda, m'mphepete momwe mwauma kwambiri pomwe pamafunika kufewa.

Zovuta zake zilipo. Thiransipoti, nthawi yake ndi yosapanganika, ndipo akuluakulu ena amafuna uzipenta ngati iwowo, ndiye umafunika kusankha chomvera. Kuwapezanso sikophweka ukakhala kutali ndi tauni. A ku Blantyre yambani kuzungulira ku gallery ya La Caverna ku Mandala House, a ku Zomba muli ndi ophunzira za luso ku University of Malawi, ndipo ku Mua kuli Kungoni yomwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ngakhale kumeneko chotchuka kwambiri ndi zosema.

Ineyo ntchito ikakhala pa pensulo ndimaiponya kwa anthu osandidziwa aja ndi funso limodzi lolunjika, monga "kodi khutuli lili pamalo pake?", chifukwa ukafunsa kuti "mukuiona bwanji" akuyankha kuti ili bho. Penti ikangolowa ndimanyamula kupita kwa mkulu uja, ndi kashuga m'manja. Za makosi a madola zija khadi langa sindidzaikanso, ndipo mnzanga aliyense wofuna kulowa ndimamuuza awalembere kaye afunse ngati critique ili mu mtengo womwe alembawo, komanso amuonetse nkhope ya munthu wakuda yomwe mphunzitsiyo anapentapo yekha.