YouVersion m'nyengo ya zowawa: imathandiza pati, imaperewera pati?

Pulogalamu ya Baibulo ya pafoni yotchedwa YouVersion inayambitsidwa mu 2008 ndi mpingo wa Life.Church wa ku Oklahoma, m'dziko la America, ndipo pofika mu 2021 anthu anali ataiika m'mafoni ndi m'zipangizo zina maulendo 500 miliyoni. Ndi yaulere, ndipo mulibe zotsatsa malonda. Ambiri amaiyamikira chifukwa cha kuchuluka kwa zilankhulo zimene zilimo, koma ine ndikuiunika ndi funso limodzi: kodi imamuthandiza motani Mkhristu amene ali m'nyengo yowawa, pamene mapemphero ake akuoneka ngati sakuyankhidwa, ndipo Mulungu akumutengulira monga nthambi yobala zipatso ija ya pa Yohane 15:2?

Ubwino wake waukulu ndi wakuti Baibulo lonse limakhala pafupi pa nthawi imene munthu alibe mphamvu zopita kukalifuna. Muli Buku Lopatulika komanso Mawu a Mulungu mu Chichewa Chalero, ndipo mabaibulo ambiri munthu angathe kuwasunga m'foni kuti aziwerenga ngakhale palibe intaneti. Taganizirani mayi amene akudikirira mwana wake m'chipatala pakati pa usiku, odwala ena onse ali mtulo, iye atachepetsa kuwala kwa foni kuti asadzutse aliyense. Akhoza kutsegula Salimo 88, lomwe limayamba ndi kulira n'kutha ndi mdima popanda mawu aliwonse achisangalalo, ndipo adzapeza kuti dandaulo ngati lakelo linalembedwa kale m'Malemba ndipo Mulungu sanalifufute. Maso akatopa, mabaibulo ena ali ndi mawu ojambulidwa oti munthu angomvetsera. Mwayi woika vesi limodzi m'matanthauzidwe angapo ndi wothandizanso kwambiri, makamaka pa ndime zolemera monga Maliro 3.

Pomwe ndili ndi nkhawa ndi pa vesi la tsiku, lomwe pulogalamuyi imaonetsa tsiku lililonse ndipo anthu ambiri amalikonda. Limabwera lokha, nthawi zambiri litaikidwa pa chithunzi chokongola choti munthu atumizire anzake, ndipo palibe cholakwika m'mawu akewo. N'zomveka kuti mu 2020, chaka cha mliri wa Covid-19, vesi limene anthu analigawana ndi kulisunga kwambiri linali Yesaya 41:10, loletsa mantha. Koma vesi likachotsedwa pakati pa anzake limatha kulonjeza zimene ndime yonse sikulonjeza. Chitsanzo ndi Yeremiya 29:11, pomwe Mulungu akunena za malingaliro ake abwino pa anthu ake. Amene angaliwerenge lokha adzayembekezera kuti mavuto ake atha posachedwa, pamene vesi 10 likunena kuti anthu amene Yeremiya anawalembera mawuwa m'kalata adzakhala ku Babulo zaka 70, kutanthauza kuti ambiri mwa iwo anafera ku ukapolo komweko. Munthu wovutika akalonjezedwa mpumulo wamsanga koma osauona, amayamba kuganiza kuti mwina Mulungu wamusiya kapena chikhulupiriro chake n'choperewera, ndipo bala limeneli limapweteka kuposa loyamba lija. Mwamwayi, pulogalamuyi imalola kutsegula mutu wonse kuchokera pa vesi la tsikulo, ndipo ndikulimbikitsa wowerenga aliyense kuti azichita zimenezi nthawi zonse.

Madongosolo a kawerengedwe ka tsiku ndi tsiku alipo ochuluka, ena okhudza imfa, matenda, nkhawa ndi kudikira, ngakhale kuti ochuluka ali m'Chingerezi. Sali ofanana kulemera kwake, chifukwa amalembedwa ndi mipingo komanso mabungwe osiyanasiyana. Aafupi, a masiku ochepa chabe, nthawi zina amathamangira ku chipambano asanakhale pansi ndi wolirayo. Amene ndimawaona kuti ndi aphindu ndi oyenda ndi buku lonse, monga Yobu kapena Masalimo, chifukwa salumpha malo ovuta. Ahebri 12:11 amavomereza poyera kuti kulangidwa sikukondweretsa pa nthawi yake, ndipo Paulo anapempha katatu kuti minga ya m'thupi mwake ichoke koma sinachoke. Dongosolo labwino liyenera kukhala ndi malo a choonadi chotere.

Palinso chiwerengero cha masiku otsatizana amene munthu watsegula pulogalamuyi. Kwa wina chimalimbikitsa chizolowezi chowerenga, koma kwa munthu wosweka mtima, amene tsiku lina walephera ngakhale kudzuka, kuona chiwerengerocho chitayambanso pansi kumangomuwonjezera kudzitsutsa kosafunika. Iye angachite bwino kusachilabadira ndi kuchepetsa mauthenga okumbutsa.

Ndikuivomereza pulogalamuyi ndi mtima wonse kwa aliyense amene ali m'mayesero, makamaka ngati agwiritsa ntchito mwayi wowerenga dongosolo limodzi ndi mnzake, pomwe awiriwo amalemberana zimene ndime ya tsikulo yawauza. Asankhe mnzake amene amamudziwa pamaso, wa mumpingo mwake ngati n'kotheka, amene angathe kusiya foni n'kubwera kudzamuona akaona kuti zolemba zake zayamba kuchepa.