PowerPoint, Google Slides kapena Impress: chithunzi tikonzere pati?

Mukajambula tsamba la buku ndi foni kuti mulionetse m'kalasi, chithunzicho chimabwera ndi zambiri zosafunika: chala pakona, tebulo kumbuyo, mthunzi pakati pa mawu. Kukonza zimenezi sikulira pulogalamu yapadera yokonzera zithunzi ngati Photoshop. Mapulogalamu atatu opangira masilaidiwa onse ali ndi zida zake mkati momwemo, kungoti mphamvu zake n'zosiyana.

PowerPoint ndiyo ili patsogolo, pamenepa palibe chokanganirana. Mukadina chithunzi, pamwamba pamatuluka Picture Format, ndipo mmenemo muli zowalitsira, zosinthira mitundu ndi zodulira kuti chithunzi chikhale chozungulira kapena ngati nyenyezi. Chida chake chotchuka ndi Remove Background, chimene chinabwera ndi Office 2010. Mukachidina, zonse zimene pulogalamu ikuganiza kuti ndi zakumbuyo zimapakidwa mtundu wa pinki wakuda. Mukaona kuti yadya ndi mwendo wa dzombe womwe, mumajambula kamzere pamwendopo ndi Mark Areas to Keep, mwendowo n'kubwerera. Tsamba la mtengo loikidwa pa pepala loyera limatuluka bwino kwambiri. Koma tsitsi kapena udzu zimakutayitsani nthawi, m'mphepete n'kutsalabe manyumwanyumwa.

Google Slides ili ndi zochepa. Imadula, imaika chithunzi m'kaumbidwe kamene mwasankha, ndipo pansi pa Format options mungasinthe kuwala, mtundu ndi kuonekera kwa zakumbuyo. Chochotsera zakumbuyo chimapezeka pa ma akaunti ena olipira okha. Chimene imaposera zinazi n'chakuti ophunzira a gulu limodzi angagwire ntchito mosavuta pa fayilo imodzi nthawi imodzi, aliyense ali kwawo. Intaneti ikamavuta, ubwino umenewo umathera pomwepo.

Impress, ya LibreOffice, ndi yaulere ndipo sidalira intaneti. Maonekedwe ake ndi achikale, inde, ndipo ilibe chida chodzipezera chokha zakumbuyo. Ili ndi Color Replacer, imene imachotsa mtundu umodzi, monga kuyera kozungulira mapu kapena chojambula cha sayansi. Pa zojambula za mizere zimenezi n'zokwanira.

Tsono pali chimodzi chimene aphunzitsi ambiri sachilabadira, ndipo kwa ine ndicho chachikulu posankha. M'mapulogalamu onse atatuwa, kudula chithunzi sikutaya mbali yodulidwayo, kumangoibisa. Mwajambula pepala la mafunso, mwadula mayankho amene anali m'munsi, mwatumizira ophunzira fayilo. Wochenjera amangodina Crop n'kukokera m'mphepete pansi, mayankho onse ali poyera. N'chimodzimodzi ndi dzina kapena nkhope ya mwana imene munkaganiza kuti mwaichotsa.

Mu PowerPoint mankhwala ake ali pa Compress Pictures: chongani Delete cropped areas of pictures, zobisikazo zimapita ndithu. Pomwepo mungasankhenso 150 ppi (kuchuluka kwa timadontho ta chithunzi pa inchi imodzi), kapena 96 ppi ngati fayilo ndi yotumiza pa imelo, ndipo fayilo imene inalemera ndi zithunzi za pafoni imapepuka kwambiri. Impress ili ndi Minimize Presentation pansi pa Tools, yomwe imachita zonse ziwirizi pa masilaidi onse. Google Slides ndiyo yotsalira: aliyense amene angakope fayiloyo akadina Reset image, chithunzi chimabwerera chonse. Ngati mukugwiritsa ntchito imeneyi, dulirani chithunzicho pafoni kapena pakompyuta musanachilowetse.

Mphunzitsi amene amakonza yekha zophunzitsira, ndipo sukulu yake inalipira kale Office, ndingamuuze kuti akhale pa PowerPoint. Wa kompyuta yakale yopanda laisensi atenge Impress, sataya zambiri kupatula Remove Background. Slides ndimaisiyira ntchito za m'magulu, zithunzi zake zitakonzedweratu kwina.